Dzina Lanu Mulibe mu Listi? Musachoke M'bwalo

 Mawu a sabata ino ali pa Machitidwe a Atumwi 1:15-26. Ngati Baibulo lili pafupi, tsegulani muwerenge kaye, kenako mubwerere kuno.

Sabata yatha titatsiriza mapemphero a madzulo, mnyamata wina wa mumpingo mwathu ananditsatira mpaka panja. Sanalankhule zambiri, anangondipatsa foni yake. Pafonipo panali listi ya anthu amene atengedwa ntchito. Anati, "Abusa, ndawerenga katatu. Dzina langa mulibe."

Mnyamata ameneyu anatsiriza kosi yake zaka zinayi zapitazo. Mapepala ake ali bwino. Wasala kudya, wapemphera, amabwera m'mamawa kudzakonza mipando m'tchalitchi. Aka n'kachitatu kusiyidwa. Mnzake amene ankamuthandiza homuweki ku koleji, dzina lake lilimo.

Ndinamupempherera, koma popita kunyumba mtima wanga sunakhale pansi, chifukwa ndikudziwa kuti sali yekha. Mukukumbukira mu 2022 boma litalemba aphunzitsi oposa 30,000 nthawi imodzi. Nyumba ina munali nthungululu, nyumba yoyandikana nayo munali zii. Pali listi ya malo a sukulu, listi ya usilikali, listi ya pageti la fakitale, listi ya ngongole za amayi a pamsika. Ambiri a inu mwayendetsapo chala pafoni kuchokera pamwamba mpaka pansi, n'kubwereranso pamwamba, dzina osalipeza. Uthenga uno ndi wanu.

*Usiku wa ku Libreville*

Akuluakulu mukukumbukira kumene munali Lamlungu pa 12 February 2012. Ine ndinali kwa aneba, nyumba itadzaza, ena akusuzumira pawindo. Chipolopolo inali pa fainolo ya Africa Cup ndi Ivory Coast mumzinda wa Libreville ku Gabon, pafupi ndi nyanja imene ndege inagwera mu April 1993 n'kutitengera anthu 30, ndipo 18 mwa iwo anali osewera a timu ya dziko lino. Mphindi 90 zinatha popanda chigoli. Didier Drogba anapatsidwa penate, mpira anaukweza pamwamba pa golo. Anawonjezera mphindi 30, chigoli osaoneka. Basi, mapenate.

Okonda bola mukudziwa mmene zimayendera. Timu iliyonse imayamba ndi anthu asanu amene ikuwadalira. Asanu athu anali Christopher Katongo, Emmanuel Mayuka, Isaac Chansa, Felix Katongo ndi golokipa Kennedy Mweene. Onse anagoletsa. A Ivory Coast nawonso asanu onse anagoletsa. Listi yoyamba inatha, chikho chilibe mwini.

Anabwera Nathan Sinkala, anagoletsa. Chisamba Lungu, anagoletsa. Zinthu zili 7-7. Kenako Mweene anatchinga penate ya Kolo Touré, tonse tinaimirira. Rainford Kalaba, katswiri amene tinkamukhulupirira tonse, anangofunika kugoletsa kuti chikho chibwere. Mpira unapita kumwamba. M'nyumba muja amayi ena anatuluka panja, ati mtima wawo sungapirirenso. Gervinho naye anaukweza pamwamba.

Pamenepo ndiye ananyamuka munthu wa nambala 9 pamzere: Stoppila Sunzu, difenda wa zaka 22. Ntchito yake ya tsiku ndi tsiku inali kutchinga kumbuyo, kumenya mpira ndi mutu, kuchotsa ngozi. Anayenda mamita pafupifupi 40 kuchoka pakati pa bwalo, anaika mpira pakadontho koyera, mamita 11 kuchoka pagolo, n'kuumenya. Unalowa, 8-7. Kafue yonse inatulukira mumsewu pakati pa usiku.

Njira ya Sunzu kufika pakadontho kaja sinali yowongoka. Anayambira ku Afrisports ya ku Kitwe, anadutsa ku Konkola Blades ndi ku Zanaco. Anapita ku France ku timu ya Châteauroux ya mu ligi yachiwiri, koma sanakhalitseko. Anabwerera ku Africa, n'kukasewera ku TP Mazembe ya ku Lubumbashi. Munthu wopita ku Ulaya n'kubwerako msanga, mukudziwa zimene anthu amayankhula kumbali. Koma anapitiriza kudzuka m'mawa kupita ku trening'i.

*Lamulo limene ambiri salidziwa*

Manje mvetserani apa, chifukwa ndi pamene pagona uthenga wa sabata ino. Pa mapenate otsiriza gemu pali lamulo: amene amaloledwa kuponya ndi okhawo amene anali m'bwalo pamene woyimbira analiza wezulo yomaliza. Ukhale katswiri bwanji, ngati unatulutsidwa ndi khadi lofiira, suponya. Ngati unasinthidwa n'kukakhala pabenchi, suponya. Ndipo palibe amaponya kawiri anzake onse asanaponye. Katongo sakanatha kubwereranso kuti aponyere Sunzu. Nthawi ya nambala 9 itakwana, panafunika nambala 9 yemweyo.

Sunzu sanali pa asanu oyamba. Sanali wachisanu ndi chimodzi. Chimene chinamuyenereza n'chakuti pa mphindi ya 120 anali akadali m'bwalo, jezi ili pathupi, miyendo itatopa koma ali chilili.

Kuti muone kuti izi si za kwathu kuno chabe, tiyeni tiwoloke nyanja pang'ono. Ku America kuli bola ina imene amasewera kwambiri ndi manja, mpira wake wooneka ngati dzira. M'timu iliyonse mumakhala munthu mmodzi amene ntchito yake ndi kumenya mpira ndi phazi basi, kuti udutse pakati pa mizati iwiri italiitali. Gemu yonse amakhala kunja kwa mzere, akudikira. Amalowa kangapo chabe, kwa masekondi ochepa, n'kutulukanso. Akagoletsa, anthu amati ndi ntchito yake. Akaphonya, dziko lonse limadziwa dzina lake.

Chaka chilichonse matimu a ligi yaikulu ya kumeneko, ya NFL, amasankha anyamata ochokera m'makoleji, maina oposa 200 kuwerengedwa limodzilimodzi dziko likumvetsera. Adam Vinatieri atatsiriza ku South Dakota State, palibe timu inamutchula. Sanataye nsapato. Anapita kukaphunzira kwa kochi wina, Doug Blevins, munthu woyenda pa njinga ya olumala amene ankadziwa kuona cholakwika pa phazi la womenya mpira. Anakasewera ku Amsterdam Admirals ku Netherlands, mu ligi yaing'ono. Mu 1996 timu ya New England Patriots inamutenga ngati munthu amene sanasankhidwe ndi aliyense.

Mu February 2002, pa fainolo yawo ya Super Bowl, gemu ili 17-17 ndi St. Louis Rams, kutatsala masekondi owerengeka, anamuitana. Anamenya mpira kuchokera pa mtunda wa mamita pafupifupi 44, unadutsa pakati pa mizati, timu yake inatenga chikho chake choyamba. Anasewera zaka 24, mpaka ali ndi zaka 46, ndipo anapeza mapointi 2,673, kuposa wina aliyense m'mbiri ya ligi imeneyo. Ambiri amene maina awo anawerengedwa pa tsiku losankha lija anali atasiya kale bola iye akadali m'bwalo.

Anthu amaona masekondi aja. Saona mipira masauzande imene anamenya pabwalo lopanda owonera, wina akumutolera.

*Matiya, munthu amene sanatchulidwe*

Tibwerere ku Mawu. Pa Luka 6 timawerenga kuti Yesu anachezera usiku wonse paphiri akupemphera, ndipo kutacha anaitana ophunzira ake n'kusankhapo 12. Taganizirani m'mawa umenewo. Gulu laima, maina akutchulidwa. Petro, Andreya, Yakobo, Yohane, mpaka womaliza, Yudase Isikariote. Listi yatsekedwa. Ndipo amene watseka listiyo si ofesi ya boma, si kochi, ndi Yesu mwini wake, atapemphera usiku wonse.

M'gulu la otsatira Yesu munali munthu wotchedwa Matiya. Fufuzani mu Mateyu, mu Marko, mu Luka, mu Yohane, dzina lake simulipeza. Palibe chozizwitsa cholembedwa pa dzina lake, palibe funso limene anafunsa. Dzina la Yudase linalimo mu listi, lake munalibe. Yudase ndiye ankasunga thumba la ndalama, Matiya akuyenda kumbuyo m'fumbi.

Yesu atakwera kumwamba, okhulupirira pafupifupi 120 anasonkhana ku Yerusalemu. Petro anaimirira kunena kuti malo a Yudase ayenera kulowedwa ndi wina. Taonani chimene anafuna. Sanafunse kuti wolalikira mwamphamvu ndani, kapena wodziwika kwa akuluakulu ndani. Anafuna munthu amene anayenda nawo nthawi yonse, kuyambira masiku a ubatizo wa Yohane mpaka tsiku limene Ambuye anatengedwa kupita kumwamba, kuti akhale mboni ya kuuka kwake. Ndi lamulo lomwe lija la mapenate: amene anali m'bwalo mpaka wezulo yomaliza.

Pa Yohane 6 timamva kuti chiphunzitso chitalimba, ophunzira ambiri anabwerera m'mbuyo, osayendanso naye. Matiya sanapite nawo. Zaka zitatu akutsatira popanda udindo, popanda mpando, popanda womutchula. Sankadziwa kuti malo adzatseguka. Ankatsatira chifukwa anapeza Ambuye woyenera kutsatidwa. Tsiku litafika, anapemphera, anachita maere, ndipo maere anagwera Matiya. Aleluya!

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Matiya anadekha, koma anadekha akuyenda.

*Njira zitatu zochokera m'bwalo*

M'bale wanga, mlongo wanga, mdani sangafufute dzina lanu pamaso pa Mulungu. Chimene amayesa ndi kukutulutsani m'bwalo nthawi yanu isanakwane. Ndaona njira zitatu pakati pathu pano.

Yoyamba ndi khadi lofiira. Munthu akuimbirani foni, ati ali ndi wachibale ku ofesi, mutumize ndalama pa foni dzina lanu lilowa. Wina akuti akukonzerani satifiketi. Mtsikana akuuzidwa kuti akakumane ndi bwana ku loji madzulo, nkhani ya ntchito ikatheretu kumeneko. Ena agulitsa mbuzi za makolo kumudzi, ndalama n'kupita, nambala ija osapezekanso. Ena analowadi ntchito, koma amagona tulo ta kalulu kuopa tsiku limene mapepala adzafufuzidwe. Mpando wogula ndi chiphuphu umayaka moto pansi. Kanani.

Yachiwiri ndi kudzitulutsa wekha. Palibe wakuthamangitsa, koma wavula jezi mumtima. Unaphunzira unesi, buku sunatsegule chaka chathunthu. Unaphunzira zowotcherera, manja aiwala. Laisensi inatha, sunakonzenso. Usiku uli pafoni kubetcha, ati mwina mwayi ugwa. Masana uli pa kachasu kuti uiwale. Kutchalitchi unasiya chifukwa anzako akupereka maumboni iwe ulibe chonena. Ndikufunseni mwachikondi: atakuimbirani mawa m'mawa kuti bwerani ku intavyu, mungaponye? Phazi limene silinakhudze mpira miyezi 12 silingadalirike pa mamita 11.

Yachitatu ndi kuyang'ana listi ya anzako mpaka mtima kuwawa. Thupi lili m'bwalo koma maso ali pa amene anasankhidwa. Mukaona zithunzi za usiku wa ku Libreville, anyamata athu anali atagwirana mapewa pakati pa bwalo, akuimba, aliyense akupempherera amene wapita kutsogolo. Usiku uja woponya wa nambala 9 anafunika kuti asanu oyamba agoletse, apo ayi nthawi yake sikanafika n'komwe. Mnzanu akalembedwa ntchito, pitani mukamuyamikire ndi mtima woona. Nsanje imalemetsa mwendo.

*Ndisakunamizeni*

Ndikanatha kulekera pomwepa, n'kukuuzani kuti pofika Lachisanu foni yanu ilira. Mukanalemba Amen ambiri. Koma ine sindinauzidwe zimenezo, ndipo sindingaike mawu m'kamwa mwa Mulungu.

Pa Machitidwe 1 anaimika anthu awiri. Winayo anali Yosefe wotchedwa Barsaba, amenenso ankatchedwa Yusto. Naye anayenda ulendo wonse. Naye anayenera. Maere sanamugwere. Anasiyidwa kachiwiri, pamaso pa anthu 120. Baibulo silinena kuti anali ndi tchimo lobisika kapena kuti chikhulupiriro chake chinali chochepa. Choncho tisiye kuuza aliyense wosalembedwa ntchito kuti pali chimene analakwa. Nthawi zina malo ndi amodzi, oyenera ndi awiri.

Ku Libreville kunalinso anyamata awiri amene anali m'bwalo mpaka kumapeto koma sanaponye n'komwe, Davies Nkausu ndi Hichani Himoonde. Gemu inatha nthawi yawo isanafike. Ndipo ngakhale Sunzu, moyo sunakhale wa zikho zokhazokha. Mu 2014 anatsatira kochi Hervé Renard ku Sochaux ku France, chaka chomwecho timuyo inatsika mu ligi.

Ife a ku Kafue tikudziwanso mbali inayo. Patson Daka ndi Enock Mwepu anadutsa pa Kafue Celtic pompano, anaonedwa akadali aang'ono, anapita ku Salzburg, ndipo mu 2021 onse awiri analowa mu ligi yaikulu ya ku England. Mu October 2022 Mwepu anasiya kusewera ali ndi zaka 24 chabe, madokotala atapeza vuto la mtima. Inu amene maina anu anatuluka, yamikani Mulungu ndipo kumbukirani otsala, chifukwa listi ya anthu si thanthwe loti munthu n'kumangapo moyo wake.

Nanga tikhalirenji m'bwalo ngati sitikudziwa kuti tidzaponya? Yang'anani pa nsanja yolandirira mendulo usiku uja. Sunzu amene anagoletsa, mendulo ya golide. Nkausu ndi Himoonde amene sanaponye, mendulo ya golide. Kalaba amene anaphonya dziko lonse likuona, mendulo yomweyo ya golide. Joseph Musonda anavulala gemu itangoyamba n'kutuluka akulira, koma pomaliza kochi Renard anamunyamula m'manja kupita naye kwa anzake kuti akasangalale nawo. Kupambana kwa mmodzi kunawerengedwa kwa onse ovala jezi imodzi.

Umenewu ndiye Uthenga Wabwino, okondedwa. Pa Gologota panaima Mmodzi m'malo mwa tonse, ndipo sanaphonye. Inu amene munaphonya, ukwati unatha, bizinesi inagwa, mayeso munalephera kawiri, simunachotsedwe m'timu. Inu amene mwadikira mpaka imvi zayamba, simunaiwalike. Pa Luka 10:20 Yesu anauza ophunzira ake kuti chimwemwe chawo chachikulu chikhale pa maina awo olembedwa kumwamba. Listi imeneyo silembedwa ndi chiphuphu, ndipo palibe angakufufutenimo usiku. Munthu amene akudziwa kuti dzina lake lili kumeneko amatha kudikira listi ya pansi pano osasweka mtima, amatha kukana njira yachidule, amatha kudzukanso m'mawa kupita ku trening'i.

*Chochita sabata ino*

Musangowerenga n'kutseka foni. Tulutsani mapepala anu, muone chimene chatha ntchito, muyambe kuchikonza. Sankhani ola limodzi tsiku lililonse la luso lanu: mphunzitsi aphunzitse ana a aneba, telala asoke ngakhale chigamba, makanika akapemphe kuthandiza pa garaji. Nambala ya munthu uja wolonjeza malo ndi ndalama, ifufuteni lero. Ngati munasiya kusonkhana ndi abale chifukwa cha manyazi, bwerani Lamlungu, mpando wanu ulipo. Ndipo inu amene muli pa ntchito, kapena muli ndi shopu, kapena galimoto, ganizirani wachinyamata mmodzi amene mungamupatse pogwira kuti manja ake asazizire.

Mnyamata uja ndinamuimbira foni m'mawa mwake. Ndinamuuza kuti, "Mwana wanga, sindikudziwa tsiku lako. Chimene ndikudziwa n'chakuti oponya amatengedwa mwa amene ali m'bwalo." Anakhala chete pang'ono, kenako anafunsa ngati kalasi ya ana a Grade 7 imene timathandiza Loweruka ikufunabe wophunzitsa masamu. Loweruka lapitali anabwera ndi choko chake.

*Tipemphere*

Atate wathu wakumwamba, Inu amene munaona Matiya pamene panalibe womulemba, onani ana anu a mu Kafue amene afufuza maina awo osawapeza. Chiritsani mitima yosweka. Tetezani ana athu kwa anthu achinyengo ndi ku njira zachidule. Bwezeretsani mphamvu kwa amene anavula jezi mumtima. Tsegulani makomo a ntchito, a sukulu ndi a malonda monga mwa chifuniro chanu, ndipo pamene tikudikira, tisungeni okhulupirika. Amene anaphonya muwadzutse, amene anavulala muwanyamule. Tikupempha m'dzina lamphamvu la Yesu Khristu. Amen.

Ngati mukadali m'bwalo, yankhani kuti "Ndilipo." Ndipo ngati mukudziwa wina amene dzina lake silinatuluke mwezi uno, mutumizireni uthenga uno, kenako mumuimbire foni. Ambuye akudalitseni ndi kukusungani sabata yonse.